Penshoni yopinimbira: mbiri ya okalamba a ku Britain otsata ana awo kutsidya kwa nyanja

Mu 2001, mayi Anne Puckridge a ku Britain anasamukira ku Canada kuti akakhale pafupi ndi mwana wawo wamkazi. Anali ndi zaka 76. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatumikira m'magulu ankhondo a dziko lawo, ndipo nkhondo itatha anagwira ntchito zaka zambiri akusonkha ku thumba la penshoni la boma. Chaka chimene anasamukacho penshoni yawo inali mapaundi 72.50 pa sabata. Pofika Disembala 2024, mwezi umene anakwanitsa zaka 100, ankalandirabe mapaundi 72.50 omwewo. Mnzawo wobadwa naye chaka chimodzi, wosonkha mofanana koma amene anatsala ku Britain, ankalandira mapaundi 169.50.

Kusiyana kwake ndi mapaundi 97 pa sabata, kapena kuti mapaundi oposa 5,000 pa chaka. Agogo amenewa sanapalamule mlandu ndipo sanalephere kusonkha. Anangotsata mwana wawo ku dziko limene silili pa mndandanda wa mayiko omwe boma la Britain limakwezerako penshoni. Eni chinenero amati penshoni yotere yaundana ngati madzi a m'firiji. Ine ndiitchula kuti penshoni yopinimbira, chifukwa ili ngati chimanga chimene chinamera bwino koma n'kuima kukula, cha m'munda woyandikana nawo chikumka nichitalika.

Tikamakamba za makolo opuma pantchito amene akusamukira kunja ndi banja lawo, timathamangira ku matikiti a ndege, masutikesi, nyumba yokafikira ndi chimwemwe cha adzukulu. Mbiri ya penshoni ya ku Britain ikundiuza kuti zimenezi ndi zing'onozing'ono. Chimene chimagamula ngati nkhalamba idzadye bwino zaka 20 zikubwerazo ndi malamulo amene analembedwa iyo ili kamwana, kapena isanabadwe n'komwe. Ambiri mwa ife tili ndi azakhali kapena amalume ku Manchester kapena ku Nottingham, ndipo ena tikudzaza mafomu a sukulu ndi ntchito za kunja panopa. N'chifukwa chake ndikufuna tiyende limodzi m'mbiri imeneyi kuchokera kumayambiriro.

Lamulo lobadwa mitengo isanayambe kuthamanga

Britain inayamba kupereka penshoni kwa okalamba mu Januwale 1909, potsatira lamulo la 1908. Inali masheleni 5 pa sabata, ya anthu osauka okha amene akwanitsa zaka 70, ndipo munthu sankasonkha kalikonse kuti ailandire. Mu 1925 kunabwera lamulo lina lokhazikitsa penshoni yochita kusonkhera. Wantchito ndi bwana wake ankaponya kangachepe sabata iliyonse, ndipo wantchitoyo akafika zaka 65 ankalandira masheleni 10. Poyamba ndalamayi inkaperekedwa kwa okhala m'dzikomo okha. Mu 1929 analola kuti izitsata munthu amene wasamukira ku mayiko a mu ufumu wa Britain monga Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa.

Masiku amenewo nkhani yokweza penshoni chaka ndi chaka kunalibe. Masheleni 10 aja anakhala 10 kwa zaka pafupifupi 20. Wa ku London ndi wa ku Toronto ankalandira zofanana, choncho panalibe wodandaula.

Mpata unatseguka mu 1946. Boma la Clement Attlee, potsatira lipoti la William Beveridge la 1942, linkamanga dongosolo latsopano loteteza anthu ku umphawi, ndipo linakweza penshoni kuchoka pa masheleni 10 kufika pa 26. Okhala kunja sanawakwezere. Akuluakulu a boma ankaona kuti kukwezako kunali chiyambi cha dongosolo latsopanolo, limene anthu ochoka kale m'dziko sanalisonkhere. Dongosololi linayamba kugwira ntchito pa 5 Julayi 1948, tsiku limodzi ndi NHS, zipatala zaulere za boma. Kenako mu 1955 analola kuti penshoni iziperekedwa kulikonse pa dziko lapansi, koma pa mlingo umene munthu anachoka nawo. Ngati munthu anali kale kunja pamene ankafika zaka zopumira, penshoni yake inkaima pa mlingo wa tsiku limene anayamba kulandira. Lamulo limeneli likugwirabe ntchito mpaka lero.

Ndikaona mmene zinthu zinalili mu 1955, sindiganiza kuti olemba lamuloli ankadziwa kukula kwa dzenje limene ankakumba. Mitengo ya zinthu inkakwera pang'onopang'ono, ndipo anthu sankakhala zaka zambiri atapuma pantchito. Zonse ziwiri zinasintha. Mu 1975 mitengo ku Britain inakwera ndi 24 peresenti m'chaka chimodzi, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1970 kukweza penshoni chaka chilichonse kunakhala lamulo. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse chimene nkhalamba yakhala kunja chinkaisiya m'mbuyo kuposa chaka chatha.

Pa nthawi yomweyo anthu ankasamuka mwaunyinji. Pakati pa 1945 ndi 1972, anthu oposa 1 miliyoni a ku Britain anapita ku Australia pa dongosolo limene munthu wamkulu ankangolipira mapaundi 10 a ulendo. Ena anapita ku Canada, New Zealand, South Africa ndi Rhodesia. Ana akakhazikika n'kubereka, makolo ankawatsatira atapuma pantchito. Umu ndi mmene kalamulo kakang'ono kanadzakhudzira mabanja zikwizikwi.

Mapu amene palibe angawafotokoze

Pali mayiko ena kumene penshoni ya ku Britain imakwera ngati kuti munthuyo akukhala ku London. Nkhondo itangotha, Britain inayamba kusainirana mapangano a za penshoni ndi mayiko oyandikana nayo monga France, Italy, Switzerland, Netherlands ndi Luxembourg. Mu 1973 inalowa m'gulu la mayiko a ku Ulaya limene lero ndi European Union, ndipo ngakhale inatulukamo mu 2020, pangano latsopano linasunga kukweza penshoni. Lero penshoni imakwera m'mayiko onse a European Union, ku Norway, Iceland, Liechtenstein ndi Switzerland, komanso m'mayiko angapo a pangano lapadera monga United States, Jamaica, Barbados, Mauritius, Philippines, Israel ndi Turkey.

Mapangano ndi Australia mu 1953, New Zealand mu 1956 ndi Canada mu 1959 analipo, koma munalibe mawu okweza penshoni. Kuchokera mu 1981 Britain sinalonjezenso dziko lina latsopano kuti izikwezako. Boma la Australia, limene limakakamizika kuthandiza ndi ndalama zake okalamba ochokera ku Britain amene penshoni yawo yafota, linatopa n'kuthetsa pangano lake mu 2001. Canada yapempha kangapo kuti akambirane pangano latsopano ndipo yakanidwa.

Zotsatira zake ndi mapu odabwitsa. Pa mathithi a Niagara pali mlatho wotchedwa Rainbow Bridge umene munthu amawoloka pansi kwa mphindi zochepa. Nkhalamba yokhala tsidya la United States imakwezeredwa chaka chilichonse, ya tsidya la Canada ayi. Wopumira ku Germany kapena ku Italy, mayiko amene Britain inamenyana nawo pa nkhondo ija, amakwezeredwa. Wopumira ku Australia, India kapena South Africa, kumene kunachokera asilikali omenyera mbali ya Britain, sakwezeredwa. Ngakhale m'zilumba zolamulidwa ndi Britain yomweyo zinthu n'zosiyana: ku Bermuda imakwera, ku Falkland Islands ndi ku Montserrat siikwera. Mwa mayiko odzilamulira a mu Africa, Mauritius yokha ndiyo ili pa mndandanda. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Kenya ndi Nigeria palibe.

Anthu oposa 1 miliyoni amalandirira penshoni ya boma la Britain kunja, ndipo pafupifupi 450,000 mwa iwo ndi a penshoni yopinimbira, ambiri ku Australia ndi ku Canada. Pali kalamulo kena kamene kamandiseketsa mowawa. Munthu wotere akapita kukacheza ku Britain, atha kupempha kuti alandire mlingo wa lero kwa masabata amene ali m'dzikomo. Akangokwera ndege yobwerera, ndalama ija imatsikanso pamene inali.

Mlandu wa mayi Carson

Munthu amene anayesa kugwetsa lamuloli kudzera m'makhothi anali Annette Carson, mlembi wa mabuku amene anasamukira ku South Africa mu 1989. Ali kumeneko anapitiriza kusonkha mwa kufuna kwawo kuti adzalandire penshoni yokwanira, ndipo boma la Britain linkalandira ndalamazo. Atapuma mu 2000, penshoni yawo yoyambira inaima pa mapaundi 67.50 pa sabata. Anakasuma ponena kuti akusalidwa chifukwa cha kumene akukhala.

Anagonja ku High Court mu 2002, ku Court of Appeal mu 2003, ndi ku House of Lords mu 2005, kumene oweruza anayi anawakana ndipo mmodzi yekha, Lord Carswell, ndiye anawaikira kumbuyo. Pamodzi ndi anzawo ena anapita ku khothi la maufulu a anthu la ku Ulaya ku Strasbourg. Pa 16 Malichi 2010 bwalo lalikulu la khothilo linawakana ndi mavoti 11 kwa 6.

Chifukwa chimene oweruza anapereka ndi chofunika kuti aliyense wogwira ntchito kunja achimvetse. Iwo anati ndalama imene wantchito amadulidwa ya National Insurance si ya m'kabokosi kolembedwa dzina lake, ngati mmene ilili penshoni ya ku kampani. Ili ngati msonkho. Zimene akudulidwa lero zikulipira okalamba a lero, odwala ndi osowa ntchito, ndipo iye adzalipiridwa ndi antchito a m'tsogolo malinga ndi malamulo a nthawi imeneyo. Anatinso penshoni ya boma inakonzedwa poganizira moyo wa anthu okhala ku Britain, choncho wokhala kunja sangadziyerekeze ndi wokhala m'dzikomo, ndipo boma lili ndi ufulu wosankha mayiko opangana nawo.

Kunena mwachidule, munthu atha kusonkha zaka 40 koma osakhala mwini wa lonjezo lililonse kupatula limene Nyumba ya Malamulo yasankha kusunga.

Windrush: pamene mapepala anasowa

Penshoni ndi theka chabe la nkhaniyi. Theka lina ndi ufulu wobwerera, ndipo limaoneka bwino m'mbiri ya anthu a ku Caribbean. Mu Juni 1948 sitima ya Empire Windrush inakocheza pa doko la Tilbury itanyamula anthu oposa 800 ochokera ku zilumba za kumeneko. M'zaka zotsatira anabwera ena ambiri kudzagwira ntchito m'zipatala za NHS, m'mabasi a ku London, m'sitima zapamtunda ndi m'mafakitale. Ambiri ankati akhala zaka zisanu basi, koma anakalambira komweko. Kuyambira m'ma 1980 gulu lalikulu linayamba kubwerera kwawo kukapuma, litamanga nyumba ndi ndalama zosunga moyo wonse. Paja kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Apa mapu aja anagawa anthu amene anagwira ntchito limodzi. Manesi awiri a m'chipatala chimodzi, wina wa ku Jamaica wina wa ku Trinidad, akabwerera kwawo, woyambayo penshoni yake imakwera chaka chilichonse ndipo wachiwiriyo imaima. Wa ku Barbados amakwezeredwa, wa ku Grenada kapena St Lucia ayi.

Choopsa kwambiri chinali cha mapepala. Lamulo la 1971 linapatsa anthu onse a mu Commonwealth amene anali atakhazikika ku Britain pofika 1 Januwale 1973 ufulu wokhala mpaka kalekale, koma boma silinawapatse chikalata chotsimikizira ndipo silinasunge mndandanda wawo. Mu 2010 unduna wa za m'dziko unawononga makhadi akale olembedwa pamene anthuwa ankafika. Kuyambira mu 2012, pamene Theresa May anali nduna ya undunawu, malamulo anakhwima kotero kuti mabwana, eni nyumba ndi zipatala ankafunsa mapepala. Anthu amene anakhala m'dzikomo zaka 50 anachotsedwa ntchito, ena anatsekeredwa, ndipo osachepera 83 anathamangitsidwa molakwika. Panalinso amene anapita ku Caribbean ku maliro kapena kukapuma, n'kukanizidwa kubwerera kwa ana ndi adzukulu awo. Nkhaniyi itaphulika mu 2018, nduna Amber Rudd inatula pansi udindo mu Epulo chaka chomwecho.

Pali lamulo limodzi limene linapweteka ambiri mwa opita kukapuma, ndipo lilipobe. Munthu amene ali ndi chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale, koma si nzika, amachitaya akakhala kunja zaka zoposa ziwiri zotsatizana. Mawu akuti mpaka kalekale amanyenga. Agogo atha kupita kumudzi, n'kudwala kapena kutanganidwa ndi kumanga, ndipo pofuna kubwerera n'kupeza kuti ayenera kupempha viza kaye. Chipatala nachonso chimatsata kumene munthu akukhala, osati zimene anasonkha. Wosamukira ku dziko lopanda pangano akabwera kudzacheza atha kulipiritsidwa chithandizo cha m'chipatala, ndipo ku England kuyambira mu 2015 mtengo wa alendo ndi 150 peresenti ya mtengo weniweni.

Boma likuti chiyani, ine ndikuti chiyani

Maboma onse, a Conservative ndi a Labour omwe, asunga lamulo la penshoni yopinimbira kwa zaka zoposa 70. Amati ndalama za boma ziyenera kuyamba zathandiza okalamba okhala m'dzikomo, kuti kukweza onse a kunja kungadye mapaundi pafupifupi 900 miliyoni pa chaka, ndiponso kuti kusamuka ndi chisankho cha munthu mwini. Mu 2000 nduna yoona za penshoni, Jeff Rooker, inavomera m'Nyumba ya Malamulo kuti dongosololi lilibe mutu weniweni ndipo nkhani yake ndi ya ndalama basi.

Mfundo ya ndalama ndimaimva. Palibe boma limene lili ndi thumba lopanda pansi, ndipo ife a kuno timadziwa bwino tanthauzo la bajeti yoperewera. Ndimavomerezanso kuti oweruza ananena zoona pa mmene National Insurance imagwirira ntchito. Koma mfundozi zikanakhala zamphamvu zikanakhala kuti onse okhala kunja sakwezeredwa. Pamene wa ku Manila akukwezeredwa ndipo wa ku Mumbai ayi, palibe chiphunzitso cha chilungamo chimene chikutsatidwa. Chilipo ndi mwayi wa amene anasaina pepala khomo lisanatsekeke. Ndipo nkhalamba imene yasamuka imapeputsa katundu wa boma, chifukwa siigwiritsanso ntchito zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba za ku Britain pa zaka zimene munthu amadwaladwala kwambiri.

Mawu akuti chisankho nawonso amandivuta. Mayi wamasiye wa zaka 76 amene mwana wake yekhayo ali ku Canada ali ndi chisankho chotani? Mayi Puckridge akhala akunena kuti palibe anawauza za lamuloli pamene ankadziwitsa boma kuti akusamuka. Ndipo amene lamuloli limawamanga kwambiri ndi anthu ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh, Africa ndi zilumba za Caribbean, amene kwawo kwenikweni kuli m'mayiko osakwezeredwa. Mzungu wofuna dzuwa atha kusankha Spain kapena Portugal n'kumakwezeredwa. Nesi wa ku Lagos kapena ku Zomba alibe kwawo kwina kosankha.

Chifukwa china chimene lamuloli lakhalira nthawi yaitali ndi mavoti. Kwa zaka zambiri nzika ya Britain imene yakhala kunja zaka zoposa 15 sinkaloledwa kuvota. Malirewo anachotsedwa mu Januwale 2024, koma ovota a kunja amwazikana m'madera onse a zisankho, choncho palibe phungu amene mpando wake umadalira iwo. Mu Disembala 2024 mayi Puckridge anauluka kuchoka ku Canada kupita ku London kukapempha kuonana ndi nduna yaikulu Keir Starmer. Anaonana ndi nduna ya za penshoni, ndipo lamulo silinasinthe.

Kumene mbiriyi ikutipeza ife

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 manesi ndi azachipatala ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anapita kukagwira ntchito ku Britain. Amene anapita ali ndi zaka 35 kapena 40 tsopano akuyandikira zaka zopumira, zimene zikukwera kuchoka pa 66 kufika pa 67 pakati pa 2026 ndi 2028. Ambiri amanga nyumba kuno ndipo maloto awo ndi odzapumira kumudzi. Ana awo anakulira ku Britain ndipo adzukulu akubadwira komweko. Funso limene linavutitsa a ku Trinidad zaka 30 zapitazo lafika pakhomo pathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina anganene kuti paundi yopinimbira ikadali paundi, ndipo ikafika kuno imachuluka. Pali choonadi pamenepo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho wolandira mapaundi anaona makwacha ake akuchuluka. Koma mitengo ya m'sitolo imathamangira komweko, ndipo zinthu zimene nkhalamba imafuna kwambiri, monga mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, kuonana ndi dokotala ku South Africa kapena ku India, ndi tikiti yokaona adzukulu, mitengo yake imatsata ndalama zakunja. Pa nthawi yomweyo otsala ku Britain amatetezedwa ndi dongosolo la triple lock, limene limakweza penshoni potengera chachikulu pa zinthu zitatu: kukwera kwa mitengo, kukwera kwa malipiro, kapena 2.5 peresenti. Anakwezeredwa 10.1 peresenti mu Epulo 2023, 8.5 peresenti mu 2024 ndi 4.1 peresenti mu 2025. Wobwerera kumudzi mu 2022 zonsezi zinamudutsa, ndipo sadzazipezanso pokhapokha atabwerera kukakhala ku Britain.

Ulendo wopita mbali inayo, woti makolo opuma pantchito kuno atsate ana ku Britain, ndi wovuta koposa. Kuyambira mu Julayi 2012, kholo limaloledwa kukakhazikika kwa mwana wake pokhapokha litasonyeza kuti likufunika chisamaliro cha tsiku ndi tsiku chifukwa cha ukalamba kapena matenda, ndiponso kuti chisamalirocho sichingapezeke kapena kulipirika kwawo ngakhale mwanayo atatumiza ndalama. Ochepa kwambiri amapambana. Ambiri amangokhala oyendera pa viza ya alendo ya miyezi isanu ndi umodzi.

Komanso kuthamangitsa ndalama za ukalamba kudutsa malire si zachilendo kwa ife. Agogo athu anapita ku migodi ya ku Johannesburg kudzera ku WENELA ndi TEBA mpaka kulemba anthu kunatha mu 1988, ndipo ambiri akhala zaka makumi akufunafuna ndalama zawo. Pamene khothi la ku South Africa linavomereza mu 2019 chipukuta misozi cha marandi 5 biliyoni kwa odwala chifuwa cha fumbi la m'migodi ya golide, chinthu choyamba chofunika kwa wodandaula chinali umboni woti anagwiradi ntchito ku mgodiko. Amene anasunga khadi lake anali ndi poyambira.

Zokambirana banja lisanagule tikiti

Ndikaika pamodzi mbiri yonseyi, ndikuona kuti kukonzekera kusamuka pa ukalamba kumayamba zaka khumi ulendo usanachitike, ndipo ntchito yambiri imagwera ife ana ndi adzukulu amene timatha kuwerenga malamulo pa intaneti. Safunsa anadya phula.

Funso loyamba ndi la zaka zosonkha. Pa dongosolo limene linayamba mu Epulo 2016, munthu amafunika zaka 10 kuti alandire kalikonse ndi zaka 35 kuti alandire penshoni yonse, imene mu 2025 inafika mapaundi 230.25 pa sabata. Nesi amene anafika mu 2003 n'kupuma mu 2028 ali ndi zaka 25 zokha, choncho penshoni yake idzayamba kale ili yoperewera isanapinimbire n'komwe. Banja liyenera kudziwa nambala yeniyeni, kenako n'kudzifunsa kuti ndalama yomweyo idzagula chiyani pakatha zaka 20, osati chaka choyamba chokha. Tsiku lonyamuka nalonso lili ndi kanthu, chifukwa penshoni imakwera mu Epulo ndipo mlingo wochoka nawo ndi umene munthu adzakhale nawo.

Funso lachiwiri ndi la unzika. Wokhala ndi chilolezo chokha ali pa chingwe cha zaka ziwiri chija, pamene nzika itha kupita ndi kubwera mmene ikufunira. Kale Amalawi ambiri ankaopa kutenga unzika wa dziko lina chifukwa ankataya wa kwawo, koma kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo n'kulola unzika wa mayiko awiri. Amene akuganiza zobwerera ayenera kumaliza nkhani imeneyi asananyamuke, chifukwa akachoka njira imatsekeka.

Funso lachitatu ndi la matenda, ndipo ndi limene mabanja athu amalizemba chifukwa limamveka ngati kulodza. Amayi akadzadwala matenda ofuna chithandizo cha miyezi, adzagonekedwa kuti, ndipo adzalipira ndani? Mwana amene ali ku Leeds adzasiya ntchito kuti abwere, kapena mlongo wotsala kuno ndiye adzasenza zonse? Kukambirana zimenezi makolo akadali amphamvu kumapewetsa udani wa pa abale umene timauona pa maliro.

Chachinayi ndi mapepala. Mapasipoti akale, makalata a ntchito, mapepala a malipiro, nambala ya National Insurance, zikalata za ukwati ndi za kubadwa kwa ana, zonsezi zisungidwe ndipo zijambulidwe. A Windrush ankakhulupirira kuti boma likusunga mbiri yawo, ndipo silinasunge.

Pomaliza pali ntchito imene banja palokha silingaithe. Jamaica, Barbados ndi Mauritius ndi mayiko ang'onoang'ono, koma nzika zawo zimakwezeredwa penshoni chifukwa akuluakulu awo anakhala pa tebulo pa nthawi yake n'kuika mawu oyenera m'pangano. Khomo la Britain linatsekeka, ndipo ngati Canada yalephera kulitsegula sindiyembekezera kuti Lilongwe ingathe msanga. Koma achinyamata athu lero akupita ku South Africa, ku Israel, ku mayiko a Aluya, ku Ireland ndi kwina, ena kudzera m'mapangano a boma ndi boma. Enafe tidzakhala m'maofesi amene amalemba mapangano oterewa. Pamene tikuwerenga ndime za malipiro ndi maola a ntchito, tidzafunse kuti ndime ya penshoni ili pati, ikuti chiyani za munthu wobwerera kwawo, ndipo ndalamayo idzakwera kapena idzaima. Mnyamata amene akukwera ndege pa Kamuzu International Airport chaka chino ali ndi zaka 25 adzafuna yankho la funso limeneli cha m'ma 2060, ndipo nthawi yolilemba ndi ino.